Galimoto yawaya yandimasulira stabilizer bar

Teremu yonseyi ndakhala ndikuyankha funso limodzi ngati chinkhwe: ukalimbitsa stabilizer bar yakutsogolo (chitsulo chopindika ngati U cholumikiza tayala lakumanja ndi lakumanzere), understeer imakula, kutanthauza kuti kutsogolo kumaterereka galimoto n'kumakana kukhota; ukalimbitsa yakumbuyo, galimoto imayamba oversteer, mchira n'kumathawa pakona. Pamayeso ndimakhoza, koma mumtima sindinkavomereza. Ngati chitsulochi chikuletsa galimoto kupendekera pakona, bwanji mbali yomwe waikako chitsulo cholimba ndi imene ikuyamba kuterereka? Ndinkaona ngati wolemba notsi anasemphanitsa.

Lachinayi usiku magetsi atathima, ndinatenga galimoto yawaya ya mng'ono wanga. Ndinamasula maekiselo, n'kuwamangirira ndi malegeni kuti tayala lililonse lizikwera ndi kutsika palokha, kenako ndinapinda waya wina ngati U n'kulumikiza matayala akumbuyo okhaokha. Nditakankha bodi chammbali ndi chala, ngati mmene imakankhidwira pakona, tayala lakumbuyo la mkati linanyamuka pansi pomwe akutsogolo onse anali chigundire simenti. Ndinakuwa mpaka mayi anatuluka ndi tochi poganiza kuti ndaona njoka.

Chomwe chinandiphonya ndi ichi. Pakona kulemera kumachoka ku matayala a mkati kupita ku akunja, ndipo kuchuluka kwake kumadalira zinthu zinayi: kulemera kwa galimoto, mphamvu yomwe ikuikankhira kunja, kutalika kwa centre of gravity (pomwe kulemera konse kwa galimoto kumakhala ngati kwaunjikana) kuchokera pansi, ndi mtunda wa pakati pa tayala lakumanja ndi lakumanzere. Yang'anani bwino fomula imeneyi, anzanga. Stabilizer bar mulibemo! Chitsulochi sichichepetsa katundu wosamukayo, chimangogamula woti asenze zambiri pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mbali youma ndiyo imasenza, monga tayala la kagalimoto kanga linasonyezera.

Tingoyerekeza galimoto ya makilogalamu 1,200, tayala lililonse 300. Pakona yothina, 300 asamukira kunja. Mbali zonse zikakhala zouma mofanana, kutsogolo kukhala 450 ndi 150, kumbuyonso 450 ndi 150. Ukaumitsa kumbuyo, kutsogolo kutha kukhala 400 ndi 200, kumbuyo 500 ndi 100. Osamuka akadali 300 omwe aja. Tsono tayala lili ndi khalidwe lake: ukaliwirikizira katundu kawiri, kugwira kwake msewu kumawonjezeka koma sikufika kawiri. Choncho matayala a 500 ndi 100 pamodzi amagwira mochepa poyerekeza ndi a 400 ndi 200, ngakhale onse akusenza 600. Kumbuyo kwataya, kutsogolo kwapindula, mchira uyamba kuthawa. Basitu. Ndabwereza masamu amenewa kanayi pakatoni ya sopo ndipo ulendo uliwonse ndimamwetulira ndekha.

Zitatero, zithunzi zomwe ndinkangoziona pa YouTube zinayamba kuyankhula. Golf GTI yakale ikamakhota mwamphamvu imatukula tayala lakumbuyo la mkati ngati galu pamtengo, chifukwa injini ndi mphamvu zili kutsogolo, ndiye kumbuyo amakuumitsa dala kuti matayala akutsogolo apume. Porsche 911 yakale yampikisano, yomwe injini yake ili kumbuyo, imatukula lakutsogolo. Nzeru yake ndi imodzimodzi, angoitembenuza. Ndamvetsanso chifukwa chake minibasi yosenza matumba padenga imaopsa ngakhale itakhala ndi chitsulo chonenepa bwanji: wakweza centre of gravity, ndipo nambala imeneyo ndiyo ili mu fomula. Mercedes A-Class yoyamba, yaitali mmwamba ija, inagubuduka mu 1997 atolankhani a zagalimoto ku Sweden akuiyesa kuzemba chinthu mwadzidzidzi, ndipo kampaniyo inaitsitsa pansi, inasintha suspension (masipiringi, mashoko ndi zina zogwira matayala) n'kuikamo ESP, kompyuta yothandiza kuti galimoto isaterereke.

Kanthu kena kanandidzidzimutsa. Kuuma kwa chitsulo popotoka kumakwera ndi dayamita yochulukitsidwa yokha kanayi. Kuchoka pa mamilimita 20 kupita pa 22, diso silingaone kusiyana kwenikweni, koma chauma ndi pafupifupi 46 peresenti. Pa 24 chaposa kawiri. Ndiye anthu amangozula chitsulo pagalimoto ina yakufa n'kubweretsa kuti "chikwana ichi".

Panopa ndakhulupirira kuti waya ndi malegeni zingaphunzitse suspension yonse kuposa bolodi. Mnzanga wandiseka kuti kagalimoto kanga kalibe mashoko, kalibe camber (kupendekera kwa tayala), matayala ake ndi zitsekerero za mabotolo. Akunena zoona, komabe ndikanakhala mkulu wa dipatimenti, ola loyamba aliyense akanabwera ndi pulayala ndi waya.

Apa mpomwe mtima umawawa. Aphunzitsi athu anathera mphindi zosakwana khumi pamutu umenewu. Anajambula U pabolodi, anati "imachepetsa body roll", kutanthauza kupendekera kwa bodi pakona, kenako tinalumphira ku mabuleki poti teremu yafupika. Nditafunsa chifukwa chake understeer imakula, anati, "Iwe loweza zimenezo, ndi zomwe zimabwera." Sindikuwaimba mlandu wonse, kalasi ndi yaikulu ndipo galimoto yophunzirira ndi imodzi, yokhala pamiyala. Koma mawu oti load transfer, kusamuka kwa kulemera kuja, sanatuluke mkamwa mwawo ngakhale kamodzi. Kugalaja komwe ndinali pa attachment nkhani ndi ina. Kasitomala akabwera ndi phokoso la gogogo pamabampu, ndipo ndalama ya stabilizer link yatsopano (kachitsulo kolumikiza stabilizer bar ndi mwendo wa tayala) alibe, abwana ankangoti, "Mphwanga, chotsa kameneko, kalibe ntchito." Ndinkachotsa mosangalala. Lero ndikudziwa kuti linki imodzi ikachoka, chitsulo chonse chaferatu, ndipo ngati ndi chakutsogolo, galimoto ija yasendera ku oversteer mwini wake osadziwa, mpaka tsiku lozemba mbuzi pa liwiro.

Komatu abwana aja sanali olakwa pena paliponse. Pamsewu wa maenje, chitsulochi chimatenga bampu ya tayala limodzi n'kuigawira ku linzake, bodi n'kumagwedezeka uku ndi uku, ndipo pamalo okumbika chimalepheretsa tayala kutsika kuti lifike pansi. N'chifukwa chake Jeep Wrangler Rubicon ili ndi batani lomasula chitsulo chakutsogolo, ndipo Toyota inaika makina otchedwa KDSS pa ma Land Cruiser ena kuti chizimasuka m'tchire n'kugwiranso ntchito pa tala.

Pomwe ndaimanso ndi apa. Pagalimoto ya MacPherson strut (mtundu wa suspension momwe shoko ndi sipiringi zimapanga mwendo umodzi wa tayala) yofewa kwambiri, bodi ikapendekera, tayala lakunja limapendekera nayo n'kuyamba kuyendera m'mphepete. Zikatero chitsulo chonenepa kutsogolo chingathe kuchepetsa understeer m'malo moikulitsa, poti chaimitsa tayala bwino. Ndiye lamulo langa lija lili ndi malire, ndipo sindikutha kuona pomwe phindu la camber limathera kuti kuluza kwa load transfer kuyambe kupambana. Mashoko nawo amalowerera polowa ndi potuluka pakona pokha, bodi ikadali kuyenda, ndiye ngati dalaivala akudandaula kuti mchira ukuthawa, ndiyambire chitsulo kapena shoko? Roll centre, malo omwe bodi imazungulirapo ikamapendekera, ndangoijambula kawiri, mizere yake ikukumana kunja kwa pepala. Mng'ono wanga akufuna galimoto yake mawa, ndipo Lolemba tili ndi mayeso a mabuleki omwe sindinawerengeko n'komwe.