Za Turrell zija zandilowa tsopano

Eee koma mtima wakhala pansi. Nkhani ya James Turrell, katswiri wa zaluso wa ku America amene amagwiritsa ntchito kuwala, yomwe yakhala ikundizunguza mutu semesita yonseyi yandilowa. Za installation, luso lokonza malo athunthu oti munthu alowemo, sindifotokoza zambiri, tonse mu kosi yathu ya zalusoyi tikudziwa, ndingolunjika pa ntchito zake zotchedwa Skyspace.

Skyspace ndi chipinda chopanda kanthu, mabenchi mmbali mwa khoma, kudenga kuli chibowo chachikulu chopanda galasi, ngati ija yotchedwa Meeting ya ku nyumba yoonetsera zaluso ya MoMA PS1 ku New York. Funso langa linali loti nanga luso lili pati, si munthu wangoboola denga basi? Koma mphepete mwa chibowocho amapyapyalitsa kwambiri moti diso silipeza kukhuthala kwa denga, ndiye thambo silioneka kuti lili kutali, limangokhala ngati nsalu yomata kudenga komweko. Kenako pali nyali zobisika zija, apa ndi pomwe pandigwira. Dzuwa likamalowa mkatimo mukawala chikasu, thambo limasanduka buluu wozama zedi, kuwala kukapita kofiirira thambo lomwelo limayamba kupendekera ku girini. Thambolo palibe walikhudza. Munthu amene waima panja nthawi yomweyo akuona madzulo wamba. Nde buluu ameneyo ali kuti? Kumwamba kulibe, mu nyali mulibenso chifukwa nyaliyo ndi yachikasu. Akupangika mwa iweyo wakhala pabenchiwe, diso ndi ubongo zikuyeza mtundu wina potengera woyandikana nawo, ndiye kuti theka la ntchitoyo walowa nalo wekha pakhomo. Turrell paja anaphunzira psychology ya kaonedwe ka zinthu ku Pomona College, sizangozi ayi.

Zitangolowa izi zinanso zinayamba kugwirana. Room for one colour ya 1997 ya katswiri wina wa zaluso Olafur Eliasson, chipinda cha mababu otulutsa chikasu chokhachokha, malaya ako ofiira amathera pomwepo nkukhala otuwa kapena akuda, ukatuluka khoma loyera limaoneka labuluu kwa kanthawi, buluu amene palibe anapenta. Ngakhale nkhani ya ku nyumba yoonetsera zaluso ya Whitney ku New York mu 1980 ija, yoti anthu ena anagwa mu chipinda cha Turrell, wina atatsamira chomwe ankaona ngati khoma pomwe kunali kuwala chabe, mpaka anakasuma kukhothi, ija timaiseka mkalasi, imanena zomwezi. Pomwe thupi likuganiza kuti dziko likuyambira sipomwe likuyambira nthawi zonse.

Ine chandithandiza ndi katoni ndi tochi, ndipo ndikunenetsa kuti palibe njira ina yoposa iyi. Dulani kabowo ka folokona pa katoni yoyera mkati, tochi muiphimbe ndi pulasitiki yachikasu, dzuwa likangolowa kwezani katoniyo kumwamba nkuwalitsa mbali yoyang'ana kwa inu, osathamanga, maso azolowere kaye. Mukatero zimitsani tochi mwadzidzidzi muone mmene kachidutswa ka thambo kaja kakufwifwira. Mkono umatopa inde koma zomwe mungaone pamenepo manotsi onse a chaka chino sangakupatseni. Ndikanakhala ine wokonza kosi, sabata yoyamba aliyense bwenzi akubwera ndi katoni, mabuku pambuyo.

Chondinyansa ndichoti aphunzitsi athu zonsezi amationetsa pa pulojekita, chithunzi chimodzi mphindi ziwiri, dzina, chaka, tapita. Zinthu zoti zimachitikira mmaso mwa munthu mungazionetse bwanji pa chithunzi? The Weather Project ya Eliasson ya 2003 ku nyumba yoonetsera zaluso ya Tate Modern ku London anangotionetsa chidzuwa chachikasu chija, osatchula nkomwe kuti chinali theka chabe la bwalo, theka linalo linali kalilole wa kudenga, ndipo anthu ankagona chagada pansi kumadzifunafuna okha mukalilolemo, ena kumagwedeza miyendo kuti adzizindikire. Apo mpomwe panali nkhani. Merleau-Ponty, katswiri wa filosofi wa ku France, nayenso anangotiponyera kutatsala masiku ochepa kuti tipereke asayimenti, chomwe ndatolamo ndi ndodo ya munthu wosaona ija, yoti akaizolowera saimvanso mdzanja, amamva nthaka kunsonga kwake, ndiye malire a thupi lake asunthira kumeneko. Zinazo ndiwerenga mayeso akatha, kaya.

Pomwe ndikadakayika ndi pa Yayoi Kusama, mayi wa zaluso wa ku Japan. Zipinda zake za makalilole anayamba mu 1965, iye amakamba zoti munthu asungunuke, adzitaye mu madontho ndi zithunzithunzi zosatha. Koma masiku ano anthu amaima pamzere nthawi yaitali, kulowa kamphindi kochepa, foni mmwamba kudzijambula. Pamenepo munthu wasungunuka kapena wangochuluka? Komanso za buluu uja, ngati tonse takhala pabenchi tikumuona mofanana, ndinganene bwanji kuti ndi wa mwa ine ndekha, mwina ali penapake pakati, mwinanso funso loti ali mkati kapena kunja ndilo lolakwika, sindikudziwa ngati mu asayimenti ndiyerekeze kulemba choncho kapena andidula mamalikisi