Deluxe yanga itasiya kusasa mawu

Ampu yanga, chokuzira mawu a gitala, inabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, itakulungidwa m'bulangete. Msuweni wanga ndiye anandigulira kwa mkulu wina amene anasiya zoimba. Ndi Fender Deluxe Reverb, ya mtundu uja anayambanso kupanga motengera ya 1965. Ili ndi mawati 22, sipika imodzi ya mainchesi 12, ndi machubu (timababu tagalasi tokulitsa mawu) awiri a 6V6 okankhira mawu ku sipika. Usiku umene ndinafika nayo kunyumba ku Chilomoni sindinagone msanga. Ndinaiyatsa n'kumasuzumira kumbuyo kwake, timababu tagalasi tija tikufiira pang'onopang'ono ngati makala a pambaula. Nditakhudza nsambo, mawu anatuluka ofunda ndi onona, amene ndakhala ndikuwafuna zaka zonsezi.

Kuchipinda zonse zinali bwino. Mavuto anayamba Loweruka lotsatira pa hotela ina m'tauni, kumene timaimba jazi anthu atatu: ine wa gitala, wa besi ndi wa ng'oma. Anthu atadzaza, wa ng'oma anayamba kulimbikira, ine n'kukweza voliyumu mpaka pa 6. Basi mawu anasasa. Chord (ife timati kodi) ya manoti anayi kapena asanu olira pamodzi, imene ikalira bwino umamva nsambo iliyonse payokhapayokha, inangosanduka phala. Woimba blues akanakondwa, poti kusasa kumeneko n'kumene ambiri amagulira ampu zotere. Koma mu jazi kukoma kwa kodi kuli m'timanoti tija toyandikana, ndipo ampu ikasasa timanotito timayamba kulimbana tokhatokha. Ndinabwerera kunyumba mtima uli pansi.

Chimene chimachitika n'chakuti chubu chimakulitsa mawu mokhulupirika mpaka pamalire ake. Ukachisenzetsa zoposa pamenepo, chimadula nsonga za mawuwo, ndipo kudulako n'kumene khutu limamva ngati kusasa. Mpata wotsala pakati pa pamene ukuimbira ndi pamalire paja, oimba amautchula kuti headroom. Pa ampu ya mawati 22 mpatawo ndi wochepa, ndiye uyenera kuugwiritsa ntchito mosamala ngati mchere wopempha.

Ine ndinkaumwaza osadziwa. Ndinkakhulupirira kuti mawu a jazi ndi mawu a mdima, choncho Treble, nobu ya mawu apamwamba, ndinkaiika pa 2, Bass, ya mawu apansi, pa 7, nobu ya toni pa gitala n'kuitsekeratu. Poganiza kuti ampu yafa penapake, ndinainyamula kupita nayo ku Ndirande kwa madala ena okonza zamagetsi, amene ali anyamata ankakonza mawailesi a machubu. Anaiyesa ndi mita yawo, napeza kuti zonse zili bwino. Kenako anandiuza kuti ndiimbe monga ndimaimbira kuntchito. Sindinafike patali, iwo n'kutambasula dzanja kutsitsa Bass mpaka pakati pa 2 ndi 3.

"Achimwene, besi yonseyi mukuifuniranji? Ku bandi kwanu kulibe wa besi?"

"Alipo, madala. Kungoti ndimafuna mawu onenepa."

"Gitala imanenepera pakati, osati pansi. Mawu apansiwa ndi amene amadya mphamvu ya ampu. Mukuwatopetsa machubuwa ndi katundu wa eniake."

Ndinaimbanso kodi yomwe ija, pa voliyumu yomweyo, ndipo nsambo zonse zinamveka mbee. Ndinangoti kukamwa yasa.

Pambuyo pake ndinadzamvetsa chifukwa china. Ampu za Fender za mtundu umenewu zinapangidwa moti mawu apakati amakhala ophwa, apamwamba ndi apansi n'kumaonekera. Deluxe Reverb ilibe n'komwe nobu ya Middle, ili ndi Treble ndi Bass basi. Ndiye njira yotulutsira mawu apakati, amene ndiwo thupi la gitala ya jazi, ndi kutsitsa ziwiri zinazo. Masiku ano Treble imakhala pa 4, Bass pafupi ndi 3, voliyumu pa 4. Kuwala kukachuluka ndimakuchepetsa ndi nobu ya toni pa gitala, koma pang'ono chabe. Ukaitsekeratu mawu amakhala ngati akuchokera m'chipinda china, ndipo wa ng'oma akangogunda chimbale chake, iwe wasowa.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono timene madala aja anandionetsa tsiku lomwelo. Ampuyi ili ndi mbali ziwiri zolumikizirako gitala, zotchedwa machanelo: Normal ndi Vibrato. Chanelo iliyonse ili ndi mabowo awiri olowetsera waya wa gitala, ndipo lachiwirilo limachepetsa mphamvu yolowa ndi madesibelo 6 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa mawu). Gitala yanga ndi yamphako, ya mapikapu (timaginito totola mawu a nsambo) a mtundu wa humbucker amene amatulutsa mphamvu zambiri, choncho bowo lachiwiri limaiyenera. Chanelo ya Vibrato ili ndi kapasita kakang'ono kowonjezera kuthwa kwa mawu voliyumu ikakhala yotsika, pamene ya Normal ilibe. Normal imalira mofatsa, kungoti ilibe reverb, kubwezeka kwa mawu kuja ngati uli m'nyumba yaikulu. M'holo ya simenti ndi malata sindiifunanso reverb, nyumbayo imabweza mawu yokha.

Kenako ndinasintha chubu choyambirira cha chanelo ya Normal. Munali 12AX7, chimene chimatha kukulitsa mawu ka 100. Pali 5751 cha pafupifupi ka 70, ndi 12AY7 cha pafupifupi ka 40. Zonsezi zimalowa pa soketi imodzimodzi popanda kusintha waya. Ndinasankha 12AY7, chimene Fender ankaika pamalo oyamba mu ampu zawo zambiri za m'ma 1950. Ndinenetse apa, chifukwa anzanga ena amasokoneza: chubu chimenechi sichiwonjezera mawati. Machubu a 6V6 aja malire awo ndi omwewo. Chimene chimasintha n'chakuti gawo loyamba la ampu silipanikizika, ndipo nobu ya voliyumu imakwera mwaulemu, osati kudumpha kuchoka pa kunong'ona kufika pa kukuwa.

Mnzanga wina wa ku Limbe amandiuza kawirikawiri kuti ndigulitse Deluxe ndipeze Twin Reverb. Sakunama. Twin ili ndi mawati 85, machubu anayi a 6L6 ndi masipika awiri, ndipo imakhalabe yoyera ngakhale pamene makutu ayamba kuwawa. Koma imalemera makilogalamu pafupifupi 29, pamene yangayi ndi 19, ndipo ine ndimayenda pa minibasi. Komanso mawati amanyenga: ukawawirikiza kawiri umangopeza madesibelo 3 okha, mawu n'kukwera pang'ono chabe. Ine ndimaikweza ampu pa mpando, kuipendeketsa kuti iloze kukhutu kwanga, osati m'mawondo. Malo akakhala aakulu timaika maikolofoni patsogolo pa sipika, mawu n'kudzera m'zokuzira mawu za bandi. Kuikweza pampando kunachepetsanso kung'ung'uza kwa besi, ndipo gitala yamphako ija inasiya kumadzilirira yokha kuti huuu ndikaima pafupi. Ndikudziwa kuti Joe Pass, katswiri wa gitala ya jazi, ankakonda Polytone, ampu yopanda machubu, ndiponso kuti Roland JC-120, nayonso yopanda machubu, yakhala ikutumikira oimba ambiri kuyambira 1975. Ndinaziyesapo zotere, n'zoyeradi. Koma pa machubu noti imayamba mofewa, ngati pali kansalu pakati pa piki (kapulasitiki koimbira) ndi nsambo, ndipo kufewa kumeneko sindifuna kukutaya.

Za magetsi sindingazidumphe. Kuno ndi mavoti 230, ofanana ndi a ku South Africa, n'chifukwa chake yanga inangolowa pakhoma. Wogula ya ku America, ya mavoti 120, ayenera kukhala ndi thiransifoma yotsitsa mphamvu, apo ayi aiwotcha tsiku loyamba. Ndipo mphamvu yapakhoma ikatsika, ya m'machubu imatsikanso, mpata uja n'kuchepa. Pa ukwati wina ku Bangwe tinkaimbira jenereta imene inkakokanso mafiriji, ampu n'kusasa ili pa 3 pokha. Chichokereni tsikulo ndimayenda ndi mita m'chikwama, ndipo ndimayeza ndisanalumikize. Mwezi wa Okutobala, kukatentha, sindiigundika kukhoma, ndimaisiyira mpata kumbuyo kuti ipume. Sindiiyatsa sipika isanalumikizidwe. M'kati mwake sindipisamo dzanja ngakhale itazima, chifukwa makapasita ake amasunga mavoti oposa 400, okwanira kupha munthu. Imeneyo ndi ntchito ya madala a ku Ndirande.

Chimene chanditengera nthawi yaitali kuposa zonsezi ndi dzanja langa lamanja. Ndinaika nsambo zosalala za flatwound za saizi 12, ndimaimbira pikapu ya kukhosi kwa gitala, voliyumu ya gitala ili pa 7 kapena 8, ndipo pikapuyo ndinaitsitsako pang'ono mbali ya nsambo zonenepa. Zonsezo zinathandiza. Komabe ndikamenya nsambo mwaukali, monga ndinazolowera pa nyimbo zovina za m'maukwati, ampu imabanika ndithu. Wes Montgomery, katswiri wina wa gitala ya jazi, ankaimba ndi chala chachikulu, mnofu weniweni pa nsambo, ndipo mawu ake ozungulira aja ankayambira pamenepo. Agogo anga akamati jazi ankanena za a Kachamba a ku Chileka, ndipo Daniel Kachamba ankaimveketsa nsambo iliyonse pa gitala wamba yopanda magetsi, ndi zala basi.

Ndiye m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndimayatsa ampu, n'kuilekerera itenthe mphindi zingapo ndikumwa tiyi. Kenako ndimaikweza dala mpaka pa 5, pamene imayambira kusasa, n'kumaimba makodi mofewa moti isasase. Sabata zoyamba sindinkatha ngakhale mphindi imodzi, piki inkazama yokha. Pano ndimamaliza nyimbo yathunthu. Wa ng'oma wathu nayenso wagula maburashi, ndipo Loweruka lapitali tinaimba usiku wonse voliyumu yanga ili pa 4.