Khobidi la Nyanga

Mu 1970, ku fakitale yosula ndalama ya ku San Francisco, khobidi la ku Canada la masenti 25 la 1941 linapezeka m'makina, chidindo n'kulimenya. Linatuluka ndi nkhope ya George Washington, koma ukaliika pansi pa galasi lokuza zinthu, 1941 uja akusuzumirabe kumbuyo, pamwamba pa mawu akuti DOLLAR. Ambiri amati pali wantchito amene analiponyamo dala. Mu 2016 linaikidwa pamalonda pa intaneti pa madola 35,000, ndipo ife otolera makobidi olakwika tikamva zotere tulo sitibwera.

Nkhaniyi ndinaikamba pakhomo mpaka mayi akunyumba anayamba kundimalizira ziganizo. Wondimvetsera anatsala mmodzi, mwana wa mlongo wanga wa zaka 12, amene anabwera kudzakhala nafe pa tchuthi. Ndinamuuza zonse: kuti fakitale ya ku Philadelphia inkasuliranso ndalama mayiko ngati Cuba, Panama ndi Philippines, choncho zitsulo za eni zinkatsalira m'mabokosi n'kudindidwa zithunzi za America, kuti mu 1804 Bank of England inadinda dala pamwamba pa ndalama za Spain, ndiye zimenezo si zolakwika.

"Amalume, ndiye bola khobidi limodzi likhale ndi zithunzi za mayiko awiri?"

"Basi. Ukapeza lotero m'thumba langa la makobidi osakaniza, foni yanga yakale ndi yako."

Dzuwa lisanalowe, mnyamata uja anabwera manja ali kumbuyo. Anaika patebulo khobidi la America. Pa tsaya la Washington panali nyanga. Nyanga zenizeni za caribou, mphalapala ya kumayiko ozizira ija imene ili pa khobidi la ku Canada, ndipo pambali pake timanambala ta 1941. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. Foni ndinapereka nthawi yomweyo, chaja yomwe. Usiku ndinawauza mayi kuti ayambe kuganizira mtundu wa galimoto. Iwo anangoti, "Bambo, zimitsani nyale."

M'mawa ndinalikulunga m'kansalu, kansaluko m'kabokosi, kabokosiko m'thumba la mkati mwa jekete, n'kupita kwa mkulu wina amene wakhala akutolera makobidi kuyambira ine ndisanamere mano. Njira yonse dzanja lili pachifuwa, moti munthu wina anandifunsa ngati ndikudwala mtima.

Achikulire aja sanafulumire. Analiika pa kasikelo kawo: magalamu 5.67.

"Limenelo ndi kulemera kwa la America. La ku Canada la 1941 limalemera 5.83, ndipo ndi la siliva, magawo 80 pa 100. Likadindidwa pamwamba, chitsulo chimakhalabe chomwecho." Analitembenuza chammbali. "Mzere wa kopa uwu mukuuona? Siliva alibe umenewu."

Ndinati mwina sikelo yatopa. Anandipatsa galasi.

"Tawerengani dzina la dzikolo, bambo."

Ndinawerenga mokweza, mwaulemu: A, D, A, N, A, C. Ndinayamba kufufuza m'mutu ngati ndinamvapo za dziko limeneli, mwina kachilumba kena. Achikulire anatenga kalilole, n'kuika khobidi kutsogolo kwake. Canada anaonekera bwinobwino.

Anandifotokozera modekha, ngati akupepesa maliro. Pa khobidi lenileni, chithunzi chakale chimaphwanyika pansi pa chatsopano koma zilembo zimawerengeka molunjika. Zikakhala zotembenuka komanso zolowa mkati, ndiye kuti wina anaphatikiza makobidi awiri n'kuwapana pa vaisi kapena kuwamenya ndi hamala. Anandionetsanso kuseri kwake, mphungu itaphwatalala ndi timizere ta mano a vaisi. Kuseriko ndinali ndisanakuyang'ane n'komwe. Maso onse anathera pa nyanga.

"Muli ndi vaisi kunyumba?" anafunsa.

Ndili nayo. Ndipo pamene ndinkalowa pageti, ndinkaimva ikulira kuseri kwa nyumba: kwii, kwii. Ndinapeza mwana wa mlongo wanga uja thukuta lili kamukamu, atakolowekera chitoliro pa chogwirira kuti mphamvu ichuluke. Pa benchi panali mzere wa katundu watsopano: Mfumukazi Elizabeth ali ndi mapiko a mphungu, Lincoln ali ndi tsamba pamphumi.

"Amalume, awa ndikupatsani motchipa. Foni ndili nayo kale, ndikufuna mahedifoni."

Ndinafunsa funso limodzi lokha, mawu akunjenjemera: la 1941 analitenga kuti, popeza m'thumba la osakaniza mulibe siliva?

"M'buku lanu lija la matumba apulasitiki. Ndinasankha lowala kwambiri kuti nyanga zituluke bwino."

Linali khobidi limene ndinasunga zaka osalikhudza ndi chala, lopanda ngakhale kakanda. Analitulutsa m'thumba la kabudula n'kundipatsa. Caribou anali ndi mphuno ya Washington pakhosi.

Ndinapita kukadandaula kwa mayi akunyumba kuti foni ibwezedwe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa zimene ndinalonjeza, mawu ake enieni. Ndinabwereza: khobidi limodzi, zithunzi za mayiko awiri, lochokera m'thumba.

"Ndiye mwana walakwa pati? Wakupatsani awiri, lina la siliva. Muonjezere mahedifoniwo."