Leibniz, Kaphagawani ndi kachewere wa agogo

Nditayamba kosi ya mbiri ya filosofi ndinkaiona ngati ntchito yoloweza mayina a azungu akufa kalekale ndi zaka zawo. Descartes 1637, Kant 1781, kulemba mayeso n'kuiwala. Chinandisintha maganizo ndi dzina la Mmalawi lomwe ndinalipeza pa mndandanda wa zowerenga: Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa filosofi ku Chancellor College ku Zomba. Buku lake la 1999 likunena za Leibniz, wafilosofi wa ku Germany, pa nkhani ya ufulu wa munthu, pomuyerekeza ndi akatswiri akale a zaumulungu, Aquinas ndi Molina. Munthu yemweyo analembanso za mmene Achewa amamvetsera umunthu ndi nzeru, mpaka kuunika miyambi yathu.

Tchuthi chino ndili kwathu ku Bembeke, ndikuwerenga ndili padzuwa chifukwa Juni wa ku Dedza alibe chisoni. Funso la Leibniz m'buku lake la Theodicy la 1710 ndi ili: ngati Mulungu akudziwiratu zonse zimene ndidzachite, ine ndasankhapo chiyani? Molina, Mjezuwiti wa ku Spain, anali atayankha kale funso lomweli mu 1588 kuti Mulungu amadziwa ngakhale zomwe munthu akanasankha zinthu zikanakhala mwina, koma kudziwako sikumukakamiza. Leibniz naye akuti zifukwa zimakokera mtima mbali ina popanda kuumanga. Ndime imeneyi ndaibwereza katatu, ndipo kunena zoona, sindinakhutire nayo. Chokoka chimene sichilephera kukoka, chikusiyana pati ndi chingwe?

Dzulo tili kudimba tinapeza kachewere wagwidwa ndi chiwawu mizere inayi. Agogo anangopukusa mutu: "Zinalembedwa, mdzukulu wanga." Ndinaseka ndekha, chifukwa mawu amenewo ndi mutu wonse wa asainimenti yanga. Ndinawafunsa kuti ngati zinalembedwa, tinavutikiranji kuthirira. Anandiyang'ana ngati sukulu yandiwononga.

Apa ndi pamene ndaona ubwino wa dipatimenti yokhala ndi akatswiri owerenga mabuku akale mofatsa. Popanda Molina ndi Leibniz, mawu a agogo ndikanangowamva ngati kudandaula kwa nkhalamba. Tsopano ndikutha kuwafunsa ngati akunena kuti Mulungu anadziwa kapena anakonza, pakuti ziwirizi n'zosiyana.

Sanandiyankhe. M'mawa uno andipatsa ndalama yomanga pansonga ya chitenje kuti ndikagule mankhwala opopera mizere yotsalayo.