Sabata ya nkhuni ku Cape Town mvula isanayambe

Anthu kumudzi ndikawauza kuti kuno ku Cape Town ndimagwira ntchito ya nkhuni amaseka, amati aise ulendo wonse uja wa pa basi unkapita kukatola nkhuni ku Joni? Koma ndi ntchito ndithu, ya chainsaw, bakkie ndi ma oda a pa WhatsApp, ndipo kumapeto kwa Epulo ngati pano sitipuma. Chomwe ambiri sadziwa ndichoti kuno nyengo ndi yotembenuka. Kwathu kukamazizira mu Juni ndi Julaye kumakhala kouma, kupatula ka chiperoni kaja ka ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndiye nkhuni zimauma zokha kutchire. Kuno chisanu chimabwera ndi mvula, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwinanso kupitirira, mphepo yochokera kunyanja imangokhuthula madzi masiku otsatizana osaona dzuwa. Nkhuni zimene sizinaume pofika pano siziumanso msanga, basi. Ndiye sabata yonseyi timangogwira ntchito maso ali kumitambo.

Lolemba tinatandala pa yadi, ili mbali ya N7 mukangodutsa Dunoon. Abwana amafuna adziwe kuti zouma zenizeni tili nazo zochuluka bwanji asanayambe kuvomera ma oda, poti foni yawo inali itayamba kale kuvuta. Kuno nkhuni zoothera m'nyumba timagulitsa powerenga zikuni, munthu amaoda 500 kapena 1000, ndiye kuwerenga kokhako ndi ntchito payokha, timaponya mu bakkie ziwiriziwiri wina akuwerenga mokweza ndipo ukangomuyankhulitsa waiwala pomwe anafika, muyambirenso kkkk. Zoyezera kuuma tili ndi ka mita ka timano tiwiri, koma osangobaya pamwamba ayi, pamwamba pamanamiza chifukwa dzuwa ndi mphepo ya mu Januwale zinapawamba kale. Umasolola chikuni chapakati pa mulu, kuchiwaza pawiri, nkubaya mkati mwatsopanomo. Mita ikanena 20% kapena kutsika pamenepo ndiye kuti zili bho. Mtengo wongogwetsa kumene pafupifupi theka la kulemera kwake amakhala madzi, nde muone kutalika kwa ulendo wake. Madala amene ndinawapeza pa ntchitoyi, a ku Mangochi, mita saikhulupirira kwenikweni, iwo amangomenyanitsa zikuni ziwiri nkutchera khutu. Chouma chimalira kuti ngwee, chachiwisi chimangoti dii. Amaonanso ming'alu ya kumapeto ndi khungwa ngati layamba kusupuka lokha. Nthawi zambiri iwo ndi mita amanena chimodzi.

Bulugamu amene tinawaza chaka chatha nthawi ngati yomwe ino tinapeza ali bwino, black wattle wa mu Okutobala nayenso wauma. Koma pali mulu wina wa wattle wa mu Malichi mommuno, kunja ukuoneka ngati watheka koma mkati madzi okhaokha. Abwana anauyang'ana nthawi yaitali osayankhula.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinali kutchire, pa famu ina njira ya ku Atlantis. Mwina mukudabwa kuti mwini famu amalola bwanji anthu kudzamugwetsera mitengo, poti kwathu ukapezeka ndi thumba la makala pa rodibuloko akulanda ndi njinga yomwe. Kuno nkhani ndi ina. Rooikrans, Port Jackson, black wattle, bulugamu, yonseyi ndi mitengo yobwera, kwawo ndi ku Australia. Rooikrans ndi Port Jackson anaidzala m'zaka za m'ma 1800 kuti igwire mchenga wa ku Cape Flats umene unkangouluka nkumakwirira njira, mchenga inagwiradi koma kenako inafalikira paliponse, ikupha tizitsamba takonkuno timene amati fynbos, ikumwa madzi ambiri, ndipo moto wolusa ukalowamo ozimitsa amaona zakuda. Boma linayambitsa Working for Water mu 1995, nduna ya zamadzi ali Kader Asmal, kuti anthu azilembedwa ntchito yochotsa mitengo imeneyi, ndipo lamulo limati mwini malo athane nayo pamalo pake. Chilala chija cha Day Zero mu 2018, pomwe munthu ankaloledwa malita 50 okha pa tsiku damu la Theewaterskloof litatsala pang'ono kuuma, chinapangitsa kuti ngakhale amene ankaikonda chifukwa cha mthunzi ayambe kuiona ndi diso lina. Nde ife tikafika ndi ma chainsaw mwini famu amatsegula geti akumwetulira.

Mafuta timasakaniza tokha m'mamawa, oyilo wa two-stroke 100 ml mu malita 5 a petulo, ndiye 50:1 imene a Stihl, opanga ma chainsaw, amanena ija. Chovuta cha mbali imeneyi ndi mchenga. Rooikrans sakula mowongoka, amayala nthambi pansi ndipo khungwa lake limadzaza mchenga wobwera ndi mphepo, tcheni ukangonola kumene kanthawi kochepa yabuntha. Umadziwira utuchi. Tcheni yakuthwa imalavula timapande tokhuthala, yobuntha imatulutsa fumbi lokhalokha ndipo umayamba kukanikiza ndi mphamvu zako m'malo moti makina azidya okha, mikono imatopa, maganizo amachoka, ngozi zambiri zimayambira pamenepo. Ndiye tupa sichoka m'thumba la ovolosi, ndikamathira mafuta ndimadutsitsako pa dzino lililonse. Rooikrans ukamudula m'munsi mwenimweni saphukanso, koma Port Jackson, wattle ndi bulugamu ukasiya chitsa chili chomwecho chaka chamawa upeza tchire pomwe panali mtengo umodzi, nchifukwa chake pambuyo pathu pamayenda mnyamata ndi ka sipuleya kuthira mankhwala pa chitsa chikadali chachiwisi, mankhwalawo amasakaniza ndi utoto wabuluu kuti uziona pomwe wadutsa kale.

Mnyamatayo ndi watsopano, wa ku Dedza, mtima uli pa chainsaw basi sipuleya akuiona ngati yachibwana. Pa nkhomaliro anabwera pomwe ndinakhala.

"Achimwene, ndiyeseko pang'ono pa chipika icho?"

Ndinamupatsa ili yozimitsa kaye kuti ndione kagwiridwe. Chala chachikulu anachigoneka pamwamba pa chogwirira m'malo mochikulunga pansi, ndipo poloza chipika anayamba ndi nsonga.

"Iwe, nsonga iyo mbali yapamwambayi ikangokhudza mtengo tcheni ikuthamanga, makina onsewa amadumpha kubwerera kumaso kwako usanaphethire. Kulunga chalacho. Ndipo thalauza yodzitetezera ija usanavale sindikulizira."

Anakhumudwa koma anamva. Madzulo ake tikukweza zipika mu thileyila anayang'ana mulu tinagwetsawo nkunena kuti ndiye mu Juni ndalama ilowa eti. Madala anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, izi ndi za Juni wa chaka chamawa. Za chaka chino tinadula iwe uli kwanu ukukolola chimanga cha chaka chatha." Ndipo ntchito yathu yagona pamenepo, zimene tikutuluka nazo thukuta sabata ino sizimene tikugulitsa sabata ino, koma ukapanda kudula pano mathirakitala ndi ma bakkie sadzalowanso m'minda ina kukachita matope, ndipo chaka chamawa udzakhala ukuuza makasitomala nkhani m'malo mwa nkhuni.

Lachitatu tinapezanso mphiri pansi pa mulu wakale wa nthambi. Njoka zina zikamva makina zimathawa, iyi imangokhala phee kudalira khungu lake. Tinaisiya, tinakayambira mbali ina. Milu yakale sitinyamula ndi manja tisanaitembenuze ndi ndodo.

Bulugamu tinamuwaza tsiku lomwelo titafika pa yadi ngakhale kunali kutada. Ameneyu salola kuchedwa, akadali wamuwisi amang'ambika bwinobwino koma akauma ali chipika mitsempha yake imapotana moti nkhwangwa imangodumpha, ngakhale makina owazira aja amabuula. Komanso chipika chosawaza sichiuma mkati, khungwa limatsekera madzi.

Lachinayi linali la madelivale, Table View, Durbanville kenako Newlands. Anthu amasiyana zokonda. Odziwa amaoda wattle woyatsira chifukwa amagwira moto msanga, ndi bulugamu woti akhalitse usiku. Rooikrans ambiri amamusungira braai chifukwa cha makala ake. Paini ine sindimulimbikitsa munthu wa fireplace yotsegula, amayaka mwachangu, amathetheka, akakhala wosauma bwino utomoni wake umasiya mwaye wambiri mu chumuni.

Ku Newlands ndiko kunali nkhani. Titamaliza kusanja, mayi a panyumbapo anatitengera kuseri kukationetsa zipika za oak, mtengo waukulu ndithu umene anagwetsa chifukwa unayamba kuuma nthambi, akuti tengani zaulere zikungonditsekera malo. Mnyamata wa ku Dedza maso anali atayera kale, oak wouma ndi nkhuni zabwino kwambiri. Ine ndinagwada kuyang'ana khungwa. Timabowo ting'onoting'ono ngati pobaya ndi nsonga ya bolopeni, tambirimbiri, pena pali madontho akuda onyowa pena ka ufa koyera. Ndi kachilombo kaja amati polyphagous shot hole borer, kakang'ono pafupifupi 2 mm, kochokera ku Southeast Asia. Kamafumbula mtengo ngati mmene anankafumbwe amachitira chimanga m'nkhokwe, koma choopsa ndichoti kamalowa ndi nkhungu yake imene kamadzala mkatimo kuti kazidya, nkhunguyo ndi imene imatseka njira za madzi mtengo nkufa chiimire. Muno mu South Africa anakapeza koyamba mu 2017 ku Pietermaritzburg, mu 2019 kanapezeka ku Somerset West, pano kafika mbali za Newlands ndi Rondebosch. Pakokha sikauluka patali, amene amakapatsa lifiti ndi anthu ngati ife onyamula nkhuni, nchifukwa chake a City of Cape Town amaletsa kusamutsa mitengo yogwidwa. Ndinawauza mayiwo kuti pepani mayi, izi sitinganyamule ngakhale mutatilipira, muwadziwitse a khonsolo, ndipo pakadali pano zikutidwe ndi pulasitiki bwinobwino pomwe zilipo. Anadabwa kuti munthu akukana zaulere. Mu bakkie mnyamata uja anangoti koma achimwene ndalama ija, ine ndinamufunsa kuti zikalowa pa yadi nkufalikira, kenako ife tomwe nkuzigawa nyumba ndi nyumba mpaka ku Durbanville, adzatigulenso ndani.

Lachisanu m'mawa kunabwera voice note yaukali, bambo wina akuti nkhuni zathu zikungofuka utsi nyumba yonse, galasi la sitovu lada bii. Tinapita. Nkhuni zinali zathu zoona, zimene tinawapatsa kumayambiriro kwa mwezi zili zouma, koma iwo anaziunjika pa udzu penipeni pomwe sipulinkila imathira m'mawa uliwonse, nkuzikulunga ndi pulasitiki yakuda mpaka pansi kumanga ndi chingwe. Titatsegula munali thukuta lokhalokha, za pansi zayamba nkhungu. Chinyezi chochokera m'nthaka chimakwera nkusowa potulukira. Tinawasanjiranso pa mapaleti pafupi ndi khoma koma osagunda khomalo, lata pamwamba pokha, m'mbali mosatseka kuti mphepo izidutsa, ndipo mbali yotseguka tinailozetsa kosiyana ndi komwe mvula ya kuno imachokera. Ndinawauzanso kuti za mawa azilowetsa m'nyumba lero. Chikuni chonyowa ukachiika pamoto chimalira tsiii kumapeto kukutuluka thovu, moto wonse umathera kuphika madziwo m'malo motenthetsa nyumba, ndipo utsi wozizirawo umakamata mu chumuni phula lakuda limene tsiku lina limadzayaka lokha. Bambowo sanapepese koma anatipangira tiyi.

Titabwerera ndiye nkhani ya wattle wa mu Malichi uja inabuka, chifukwa ma oda anali atapitirira zouma zimene tili nazo. Abwana akuti tingosakanizako pang'ono pa 1000 iliyonse palibe angadziwe, m'mbali mwa msewu anthu akugulitsa zodula dzulo ndipo zikutha. Madala anangoti bwana, adziwa usiku woyamba. Ine ndinati amene akufunabe timuuze zoona kuti izi nzosauma, atenge motsika mtengo akasunge yekha pansi pa denga. Tinakangana ndithu mpaka abwana anakalowa mu ofesi, potuluka anatenga sipuleyi penti nkulemba chi X chofiira pa muluwo, sutuluka pa geti mpaka mita itavomera.

Loweruka mitambo inayamba kuunjikana cha kunyanja kuyambira m'mawa, Table Mountain osaoneka, ndipo tinathamanga kukhoma malata pa milu yomwe inali pamtunda nkutsendereza ndi matayala akale chifukwa mphepo ya kuno lata losamanga imakalitula kwa aneba. Cha m'ma 3 koloko inayamba kuwaza tikumaliza mulu womaliza wa bulugamu.

Chosekesa nchoti ife ogulitsa nkhuni palibe ali ndi fireplace. Ku Dunoon timakhala m'tinyumba ta malata, tizidutswa totsala pa yadi abwana amatilola kutenga ndiye timakaotha panja mu chigubu chobooledwa. Pa geti ndinamugwira mnyamata wa ku Dedza atanyamula matabwa obiriwira aja otsala pa mpanda wina, akuti akaothere. Ndinamulanda, amenewo ndi othiridwa mankhwala oletsa chiswe muli arsenic, utsi wake ndi phulusa lake ndi poizoni, osayerekeza kuotchera nyama. Ndinamuuzanso za mbaula, kuti kaya kuzizire bwanji asadzailowetse m'nyumba nkutseka chitseko kuti agone, mpweya wake sununkha ndipo chaka chilichonse nyengo ino timamva za anthu opezeka atafa m'mawa chifukwa cha zimenezo. Akuti ku Dedza kumazizira kuposa kuno iye sangavutike. Ndinamuuza kuti adikire Julaye madzi akamalowa pansi pa chitseko bulangete lili lonyowa, ndipo Lolemba abwere ndi jombo chifukwa tikubwerera ku Atlantis kukatulutsa zipika zotsala njira isanachite matope.