Loweruka ku Jabbeke, kunyumba kwa Permeke

Kwacha ndi mvula yamawawa, ija yosadziwa kukata. Ndikanagonanso, koma mnzanga wa kuntchito anali atanena kale kuti andidikira ku Brugge ndi galimoto. Kuchoka kumeneko kukafika ku Jabbeke m'pafupi, ndi kamudzi ka ku Belgium, pakati pa mizinda ya Brugge ndi Oostende.

Timakaona nyumba ya wojambula zithunzi Constant Permeke, imene mwini wake anaitcha De Vier Winden, kutanthauza mphepo zinayi. Munthuyu anamwalira mu 1952, ndipo pano nyumbayo ndi yosungiramo ntchito zake.

Nditangolowa ndinaseka. Anthu a pazithunzi zake manja ngati mafosholo, mapazi ngati zitsa, kamutu kakang'ono, ena ochita kuwerama kuti akwane papepala. Mitundu yake ndi ya dothi, ya makala, ya khofi wopanda mkaka. Ndinanong'oneza mnzanga kuti, "Iwe, bamboyu ankadziwa kujambula koma?" Iye akuti anaphunzira ku Brugge ndi ku Gent, bambo akenso anali wojambula. Ankachita dala.

Kuseka kunatha nditaima nthawi yaitali pa chithunzi cha mayi wina chojambula ndi makala. Manja aja ndinawazindikira. Ndi a agogo anga akaweruka kumunda, atawatsamiritsa pamaondo, osafuna ngakhale kuyankhula. Munthu ukalima tsiku lonse, thupi limamveka chonchi m'kati: manja kulemera, msana kuuma gwa, mutu osaukumbuka n'komwe. Permeke ankajambula zimenezo, osati nkhope yokaonetsa alendo. Azungu amati expressionism, ine ndingoti anajambula kutopa.

Ululu ankaudziwanso. Mu 1914 anavulala koopsa pankhondo yoteteza Antwerpen, mzinda umene anabadwiramo mu 1886, ndipo anamutengera ku England komwe anakhala ku Devon. Atabwerera ku Oostende mu 1919 anayamba ndi kujambula asodzi ndi akazi awo. Alimi anabwera pambuyo, atasamukira ku Jabbeke kuno. Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse Ajeremani anamuletsa kujambula, ati luso lake n'lonyansa.

Chandidabwitsa n'chakuti ziboliboli anaziyamba mu 1937, atapitirira zaka 50. Panja pali cha munthu wofesa mbewu, chachikulu zedi, mvula ikutsetsereka paphewa pake. Ndinachizungulira kawiri mpaka nsapato kulowa madzi.

Pobwerera mnzanga anandiuza kuti iye Permeke anamudziwira pa ndalama. Mu 1997 nkhope yake anaiika pa ndalama yapepala ya mafranki 1,000, yuro isanabwere. Munthu wojambula amphawi moyo wake wonse, n'kukathera m'zikwama za olemera! Tinaseka mpaka ku Brugge, komwe tinagula tchipisi tili chiimire.

Pano nsapato ndaziika pafupi ndi hita, mkati ndathiramo nyuzipepala. Mawa ndiimbira amayi, ndiwafunse ngati chithunzi cha agogo chija chidakalipo.