Buleki ya kutsogolo ya AG200 ya a malume

Njinga yamoto ya a malume inaima mu 2016, chaka chimene maso awo anayamba kuvuta. Ndi Yamaha AG200, mtundu uja alangizi a zaulimi ankazungulira nawo m'midzi: keriyala kutsogolo ndi kumbuyo, tcheni chotsekeredwa m'chibokosi kuti matope asachipeze, masitandi awiri, kumanja ndi kumanzere, kuti pamalo otsetsereka uimike mbali imene ikuyenera. Anailowetsa m'kanyumba kosungira katundu kuseri kwa nyumba yawo ku Dedza, momwe mumakhalanso makasu ndi matumba a feteleza. Denga la kanyumbako limadontha pakona imodzi, ndipo pakona pomwepo ndi pamene panaima tayala la kutsogolo kwa zaka zisanu ndi zitatu. Amene anasungapo khasu pafupi ndi feteleza akudziwa mmene dzimbiri limadyera chitsulo pamalo otere.

Nditapita kukawaona mwezi wa June, anandipatsa makiyi ali pakachingwe kachikopa. "Mphwanga, tenga. Ikadzuka udzabwere nayo ndidzaimve kulira." Ndinagwada ndi kulandira ndi manja awiri, mtima uli m'mwamba, chifukwa njinga imeneyi ndi imene inandinyamula ulendo wanga woyamba wa ku Bembeke ndili mwana, nditagwira lamba wawo mwamphamvu.

Titati tiitulutse, inakana. Tayala la kumbuyo linkazungulira, la kutsogolo linkangokhwekhwereza pansi ndi kusiya mzere m'fumbi. Tinachita kuinyamula anthu atatu kukweza pa galimoto.

Za injini sindichedwapo. Injini ya AG200 ndi ya 196 cc, ya silinda imodzi, yozizira ndi mphepo, ndipo ndi yopirira. Ndinakhuthula petulo wakale amene anali atasanduka phala lonunkha, ndinatsuka thanki ndi kabuleta, ndinasintha oyilo, pulagi ndi batire. Loweruka lachiwiri inalira. Anzanga amene anabwera kudzaonerera anati ntchito yatha, tiyeni tikaiyese. Koma tayala la kutsogolo linali chigwirire.

Njinga imeneyi ilibe disiki kapena mafuta a buleki. Kutsogolo kuli buleki ya drum, ya m'kati mwa habu, chitsulo chozungulira cha pakati pa tayala. Ukafinya chogwirira cha dzanja lamanja, kebulo imakoka kamkono kachitsulo kali pambali pa habu. Kamkonoko kamapotoza kachitsulo kophwathalala kumapeto kamene amakaniko amati cam, ndipo cam imatambasula ma brake shoe, tizitsulo tiwiri topindika ngati mwezi, kuti akhudze khoma la m'kati mwa habu. Ukasiya, masipiring'i amabweza zonse m'malo mwake. N'zosavuta kumva, koma pali malo atatu pamene zingagwire: kebulo, cam, kapena ma shoe enieniwo kumamatira ku khoma. Kwa ine zinagwira malo onse atatu.

Ndinayamba ndi kebulo, poti ndiyo ili panja. Nditaimasula, waya wa m'kati sunkasuntha ngakhale pang'ono. Ndinaipachika pa mtengo wa mango, ndinamangirira kapepala kapulasitiki kumtunda ngati fanelo, ndi kuthiramo oyilo kuti azitsika yekha usiku wonse. M'mawa inayamba kuyenda, koma nditaona timawaya tiwiri titaduka pafupi ndi kamutu kake, ndinaitaya. Kebulo ya buleki imene yayamba kuthethuka imadzaduka tsiku limene wafinya mwamphamvu, ndipo tsiku lofinya mwamphamvu ndi tsiku la ngozi.

Kamkono kaja, kebulo itachoka, kanali nji. Ndinakweza njinga pa chitsa, ndinachotsa kebulo ya sipidomita, ndinamasula nati ndi kusolola ekiselo. Tayala linatuluka, koma mbale imene imanyamula ma shoe inakanirira m'habu. Ndinaigogoda mozungulira ndi kamtengo, uku ndikuipotoza uku ndi uku, kwa nthawi yaitali ndithu, mpaka inamveka kuti "thee", ndi kutuluka. Munagwa fumbi lofiirira, zisa za mavu ziwiri, ndi chinthu chimene chinandiziziritsa nkhongono: laining'i ya shoe imodzi, chikhakha chimene amamata pa shoe kuti chizikhuza khoma, inagwa payokha, itamatuka ku chitsulo chake. Chinyezi chikalowa pansi pa guluu, laining'i imamatuka chonchi. Ikanamatuka njinga ikuthamanga, ikanapanikizika pakati pa shoe ndi khoma, tayala n'kuima mwadzidzidzi. Ndinakhala pansi kaye ndikuganiza za anzanga aja amene ankati tingomenya kamkono ndi hamala kuti kamasuke tikaiyese pamsewu.

Fumbi limeneli musamaliuzire ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompuresa. Malaining'i akale ena anali ndi asbestos, imene imawononga mapapo, ndipo poyang'ana sungadziwe. Ine ndinavala chotseka pamphuno ndi kupukuta ndi nsanza yonyowa.

Nkhondo yeniyeni inali pa cam. Iyo ndi yachitsulo, ndipo imadutsa pa bowo la mbale ya aluminiyamu. Zitsulo ziwiri zosiyanazi zikakhudzana pali chinyezi, aluminiyamu imadyeka ndi kutulutsa ufa woyera, ndipo ufawo umatenga malo ambiri kuposa chitsulo chimene wachokera. Ndiye umadzaza mpata wonse ndi kufinya cam ngati simenti. Ndinauona ndi maso, utatumphuka m'mphepete mwa bowo ngati mchere pa mphika.

Ndinanyamula mbaleyo kupita nayo kwa bambo wina wachikulire amene wakhala akukonza njinga zamoto kuyambira ndisanabadwe. Anaitembenuza kawiri m'manja, ndi kuloza timano ta kumapeto kwa cam, pamene pamalowa kamkono.

"Achimwene, apa musamenyepo ndi hamala. Mukaphwanya timanoti kamkono sikalowanso, ndipo mukalimbikira mbale iyi ithetheka. Mukaipeza kuti ina? Ivikeni, muziipatsa moni m'mawa ndi madzulo."

Ndinachita zomwezo. Ndinaigoneka mbale mopendeketsa, ndinathira WD-40, mafuta opopera omasula dzimbiri, mbali zonse ziwiri za bowo, usiku ndikuimiza malowo m'kachitini ka dizilo. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkabwezera kamkono pa timano take, ndi kukankha ndi dzanja kutsogolo ndi kumbuyo, osakakamiza. Tsiku loyamba palibe. Tsiku lachiwiri palibe. Tsiku lachitatu madzulo ndinapukuta dizilo yense bwinobwino, ndinawiritsa madzi m'ketulo, ndi kuthira pang'onopang'ono pa aluminiyamu mozungulira bowo. Aluminiyamu ikatentha imafutukuka pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi chitsulo, choncho bowo limakula kuposa cam imene ili m'katimo. Ndi kusiyana kochepa kosaoneka ndi maso, koma n'kokwanira kuswa ufa uja. Nditagwira kamkono ndi nsanza, ndinamva kakusuntha kochepa ngati ulusi, ndipo m'mphepete munatuluka timadzi takuda. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone, ngakhale panalibe choti munthu wina n'kuona. Kuchokera apo kunali kungobwereza: kuthira mafuta, kugwedeza, kupukuta zakuda, kuthiranso. Patatha ola ndi theka ndinaikankha ndi kamtengo kolimba, cam inatuluka yonse, timano tili bwinobwino.

Ndinaipala ndi sandipepa wosalala mpaka kuwala, bowo ndinalitsuka ndi sandipepa wokulungiza pa pensulo. Khoma la m'kati mwa habu linali ndi dzimbiri pamalo pamene ma shoe anagona zaka zonsezi, koma linalibe mikwingwirima yakuya, ndiye sandipepa anakwanira. Girizi ndinapaka wochepa kwambiri, pa thupi la cam ndi pa kachitsulo kamene ma shoe amatsamira mbali inayo. Pano anthu ambiri amalakwitsa chifukwa cha mtima wabwino: amadzaza girizi poopa dzimbiri, habu ikatentha girizi amasungunuka ndi kufika pa laining'i, buleki n'kusiya kugwira.

Ma shoe oyamba amene ndinagula pa sitolo ina anandikhumudwitsa. Pa katoni panalembedwa bwino, koma nditawaika anali osakhala bwino pa cam, ndipo laining'i inamatidwa mokhota. Wogulitsa anakana kubweza ndalama. Ulendo wachiwiri ndinapita ndi shoe yakale m'thumba, ndi kuyerekeza pa kauntala ndisanalipire. Ndinagulanso masipiring'i atsopano, chifukwa akale anali atadyeka m'makona. Kumapeto kwa laining'i iliyonse ndinasema pang'ono ndi fayilo kuti isamalume mwadzidzidzi.

Pobwezera pali tinthu tiwiri timene bambo aja anandiuza. Pa cam ndi pa kamkono pali timadontho tokhomedwa, ndipo tiyenera kuyang'anizana. Chachiwiri, usanamange nati ya ekiselo, zungulitsa tayala, finya buleki, ndipo umange uli chifinyire. Ukatero mbale imakhala pakati penipeni ndipo ma shoe onse awiri amagwira mofanana. Ndinachita zimenezi mwana wanga wamkulu atandigwirira chogwirira ndi manja ake awiri.

Ndikudziwa kuti ambiri amene amayenda pa njinga zamoto kwathu kuno amaiopa buleki ya kutsogolo. Ndaonapo njinga za kabaza zingapo chogwirira chikungolendewera, kebulo kulibe, mwini wake akuti ya kutsogolo imagwetsa. Zimandipweteka, chifukwa kumbuyo kwawo kumakhala mayi ndi mwana kumsana. Njinga ikamaima, kulemera konse kumathamangira kutsogolo, tayala la kumbuyo limapepuka ndipo silichedwa kutsetsereka. Pa tala, mphamvu yaikulu yoimitsira njinga ili kutsogolo. N'zoona kuti pa mchenga kapena pa matope umafinya mofatsa, koma zimenezo n'zophunzira dzanja, si chifukwa chochotsera kebulo. Amene anatsikapo msewu wa Khwekhwelere kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti akudziwa kuti buleki ya kumbuyo yokha imatentha usanafike pansi.

Masiku oyamba buleki inali yofooka, monga zimakhalira ma shoe akakhala atsopano. Ndinkayenda pang'onopang'ono m'misewu ya kwathu, kufinya ndi kusiya, kufinya ndi kusiya, ndi kukhudza habu ndi dzanja kuti ndimve ngati ikutentha payokha. Patatha sabata inayamba kugwira zenizeni, ndipo ndinabwezanso kanati ka kebulo pang'ono.

Mwezi wa September ndinaikwera mpaka ku Dedza. A malume anaimva ndili kumsewu, ndinawapeza ataima kale pakhonde. Anatsika masitepe mogwira khoma, anasisita thanki, kenako dzanja lawo linapita lokha pa chogwirira chamanja. Anafinya, anakankha njinga kutsogolo, foloko inabwatama, tayala silinasunthe. Anasiya, anakankhanso, linagubuduka mwakachetechete. Anabwereza katatu.

"Yagwira," anatero. Kenako anatsitsa chala pa foloko ya kumanzere, ndi kuchinunkhiza. "Koma apa pakudontha oyilo, mphwanga. Asafike pa habu."

Masilo a foloko, timphira totseka oyilo kuti asadonthe, ndawagula kale, ali pa windo. Ndiyamba Loweruka.